Ndinagulitsa Piki, M'katimo Muli Mwana Wanga

Abusa andiuza kuti ndisatalikitse, akuti tiyi azizira. Ndiyesetsa, ngakhale amene mumandidziwa mwayamba kale kuseka. Mulungu ndi wabwino, abale anga. Aaa, mukayankha mofooka choncho ndibwereza mpaka Lolemba. Eya, tsopano ndamva.

Inu ana asukulu amene mwangofika mwezi uno, amene mwavala majekete awiriawiri pamene kuzizira kwenikweni sikunayambe n'komwe, takulandirani ku Glasgow. Ine ndine Nkhoma. Ndimakhala konkuno ku Springburn, pakati pa sabata ndimayendetsa basi, Loweruka ndimakhala kochi wa timu ya Springburn mu ligi yathu ino. Lero ndi tsiku losankha osewera, ndipo polowa muholo muno ndaona makochi ena akunong'onezana pakhonde, mitu itagundana. Manong'onong'o amenewo ndikuwadziwa bwino. Anandigwetsapo ine, ndipo n'chifukwa chake ndapempha kuti ndilankhule tisanayambe.

Ndiyambe ndafotokozera alendo mmene timachitira. Ligi yathu ili ndi matimu asanu ndi imodzi. Anaiyambitsa ndi mnyamata wina amene ankaphunzira ku Hillhead, wokonda kuonera mpira wa ku America uja amagundana atavala zipewa zolimba. Kumeneko ndi kumene anatengako dongosolo lakuti wosewera watsopano salowa timu imene iye akufuna. Inu ofika kumene, ndi ana athu obadwira kuno akakwanitsa zaka 16, timakusankhani mosinthanasinthana, ndipo timu imene inathera pansi ndiyo imayamba. Tinachita dala kuti a kumpoto asadzazane timu imodzi, a ku Thyolo ina, a mpingo wakutiwakuti ina. Mwayi wosankhawo timautcha piki. Piki ukhoza kusinthanitsa ndi wosewera wa timu ina, ngakhale piki ya zaka zam'tsogolo, ndipo pakamwa pathu timangoti wagulitsa. Pali malamulo ena awiri oti muwagwire. Mwana wa kochi kapena wa wosewera akafika msinkhu, timu ya bambo ake ili ndi ufulu womutenga wina aliyense asanamukhudze, koma imalipira ndi piki yake yoyamba ya chaka chimenecho. Ndipo amene wasankhidwa amasewera komweko zaka zitatu, kenako ndi mfulu kupita kumene mtima wake ukufuna.

Ine ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna, Dalitso. Anabadwira kuno. Ukamulankhula Chichewa amamva zonse, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chija, chothamanga, choti ngakhale ine amene ndimatsukuluza nacho makutu tsiku lonse m'basi ndimamuuza kuti abwereze. Mwana ameneyu anakulira pambali pa bwalo la Springburn. Ankatola mipira, ankanyamula mabotolo a madzi, tikagonja ankalira kuposa osewera eni ake. Atakwanitsa zaka khumi ndinamugulira jezi yofiira ya timu yathu, nambala 8 kumbuyo, ya saizi ya munthu wamkulu. Mayi ake anaseka, akuti mwagula diresi. Ndinati, "Adzakuliramo." Kodi si mmene amayi athu ankatigulira yunifomu? Jeziyo anaipachika m'wadiropu mwake, ndipo chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa ankaiyesa kuti aone pamene yafika.

Vuto langa linali limodzi. Ndinali ndisanagwirepo chikho. Zaka zonsezo timu yanga inkathera pakati, ndipo a Mwale, kochi wa Maryhill, awo akhala kutsogolo kuno akumwetulirawo, ankandifunsa pambuyo pa mapemphero kuti, "A Nkhoma, m'kabati mwanu mumaikamo chiyani, makapu a tiyi?" Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinkapsa.

Ndiye kunabwera Mphezi. Dzina lake lenileni anali Limbani, anabwera kudzachita maphunziro apamwamba, koma kumudzi anasewerapo mu ligi yaikulu. A Mwale anamusankha. Tsiku limene tinakumana nawo anatimwetsa zigoli zinayi yekha, chimodzi chachidendene, akuseka. Ndinabwerera kunyumba mutu uli pa munthu ameneyu basi. Sabata isanathe ndinali kwa a Mwale kukamupempha. Iwo anatchula mtengo woti munthu wanzeru akanadzuka n'kutsanzika: mapiki anga oyamba a zaka zitatu zotsatizana.

Ndisaname, ndinaganizako. Ndinamufunsa Mphezi za bondo lake. Ndinamufunsa zaka. Ndinamufunsa ngati amagwira ntchito Loweruka. Koma funso limodzi sindinafunse, ndipo nonse mukudziwa chifukwa chake. Kuno Mmalawi safunsa Mmalawi mnzake za mapepala. Ukhoza kumufunsa za mkazi wake, za matenda ake, za kwawo, koma kuti viza yanu ikutha liti, ayi ndithu, anthu angati ndiwe kazitape. Ndinangoti mumtima, aliyense akafika kuno amapeza njira yokhalira, ameneyunso akhala.

Mayi a Dalitso anandichenjeza tili kukhitchini. Anati, "Bambo, mwawerengera kuti mwana akwanitsa liti 16?"

Ndinati, "Chaka chamawa chinacho. Ndikudziwa."

"Ndiye mudzamutenga ndi chiyani, piki mutagulitsa?"

"A Mwale ndi munthu wamkulu, wopemphera. Sangatenge mwana wa mnzake. Ndidzangopita kukawapempha mwaulemu. Inu za mpira zisiyeni."

Anapukuta manja, n'kutuluka. Mawa lake ndinagwirana chanza ndi a Mwale.

Apa ndithamanga, chifukwa kugwa kwenikweniko kunali kothamanga. Mphezi anasewera miyezi imene inatsala, anamwetsa zigoli zambiri, tinafika mu semifainolo, n'kugonja pa mapenate. Ndinati palibe kanthu, chaka chamawa chikho ndi chathu. Chilimwe chikutha, anandiimbira foni kundipempha kuti ndimuperekeze ku eyapoti. Ndinamufunsa kuti akubwera liti. Anati, "Kochi, simukudziwa? Sukulu yanga inali ya chaka chimodzi. Amene anandilipirira anandisainitsa kuti ndikamaliza ndibwerere kumudzi." A Mwale ankadziwa, paja munthuyo ankachita lendi chipinda m'fulati mwawo. Koma sanandinamize ayi. Ine ndi amene sindinafunse. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phulalo ndikumunyamulira sutikesi munthuyo mpaka pakauntala.

Chaka chotsatira tinalibe Mphezi, tinalibe piki yoyamba, ndipo anyamata awiri amene ndinawakhazika pabenchi chifukwa cha iye anali atasiya mpira ndi mkwiyo. Tinagonja, n'kugonja, n'kugonjanso, mpaka tinathera pansi penipeni. Tsono mverani nkhanza ya dongosololi. Timu yothera pansi ndiyo imakhala ndi piki yoyamba pa onse. Piki imeneyo inali ya Springburn, koma inali m'thumba mwa a Mwale. Ndipo mwa onse oti asankhidwe chaka chimenecho, woposa anzake kutalitali anali Dalitso.

Ndinachita zimene ndinalonjeza. Ndinavala suti, ndinanyamula mpunga wa kilombero umene mlamu wanga anatibweretsera ndi botolo la kambuzi, ndinakwera basi ya ku Maryhill. A Mwale anandilandira bwino, tinapemphera, tinafunsana za kumudzi. Nditatula nkhani yanga anati, "A Nkhoma, pa maliro tidzathandizana, pa ukwati tidzathandizana, koma uwu ndi mpira. Ndikamusiya mwanayu, anyamata anga andidya wamoyo. Ndipo ndikamusiya ine, a Hillhead ndi otsatira, amutenga iwo. Inu mulibe chomutengera." Mpunga analandira ndithu, musawaone akuweramitsa mutu.

Tsiku losankha linali m'holo momwe muno. A Mwale anaimirira apo pali piyanopo, n'kunena kuti, "Maryhill ikutenga Dalitso Nkhoma." Anthu anaomba m'manja. Mwana wanga anapita kutsogolo, analandira jezi yobiriwira, anajambulitsa, ndipo pobwerera anandidutsa osandiyang'ana. Titafika kunyumba analowa kuchipinda kwake, anatuluka ndi jezi yofiira ija, n'kukaiyala pabedi langa. Sanakalipe, sanalire. Kuyambira tsiku limenelo mawu ake kwa ine anali awiri okha, inde ndi ayi.

Ndikuuzeni zoona, sindinapirire ngati mwamuna. Pafupi ndi siteshoni pali kabala kena, ndinkadutsapo zaka zonse osasuzumira n'komwe. Ndinalowa kuti ndimwe limodzi lokha, mtima ukhale pansi. Limodzi linaitana anzake. Ndinayamba kuchedwa ku tireningi, kenako kujomba. Osewera anayamba kuchepa, tsiku lina tinalowa m'bwalo anthu asanu ndi anayi, tsiku lina sitinapite n'komwe. Komiti inandichenjeza kuti tikajombanso kamodzi, Springburn ichotsedwa mu ligi. M'mawa wina kuntchito anandipumitsa mu kachipangizo koyezera mowa kaja, n'kunditsitsa pachiwongolero. Anandichitira chifundo osandichotsa ntchito, koma anandipatsa payipi ndi burashi, ndizitsuka mabasi amene anzanga akuyendetsa. Kutchalitchi mayi a Dalitso ankauza anthu kuti bambo sakupeza bwino m'thupi. Mkazi wa pa ubwana wanga, kunama m'nyumba ya Mulungu pofuna kundiveka ine!

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Loweruka lina timu yanga ikusewera kwina, ine ndinali ku Maryhill, kuseri kwa mpanda mbali ya kungalande kuja, nditavala chipewa cha jekete mpaka m'maso, chitini cha mowa m'thumba, ndikuonerera mwana wanga ngati wakuba. Anamwetsa chigoli chokongola, anthu anakuwa, ine ndinatseka pakamwa ndi dzanja kuti asandimve. Ndinkamufuna mwana wanga, abale.

Tsono apa ndichedwapo, abusa mundikhululukire.

Lamulungu lina masana tinamva kugogoda. Anali a Mwale, akuchokera kutchalitchi, Baibulo kukhwapa. Mayi a Dalitso anaika tiyi. Ine ndinali ndisanasambe, maso ali psuu, ndinangokhala pasofa ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. A Mwale anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. Anati, "Achimwene, mmene mukuonekeramu sindikugona. Mayi kunyumba akundinena tsiku ndi tsiku kuti ndapasula banja la eni. Tengani mwana wanu. Koma anyamata anga sangalole kuti apite chabe. Piki imodzi yanu idakali kwa ine, ya chaka chino. Muwonjezerepo ina itatu yotsatira, nkhani ithe lero lomwe."

Abale, ndinamva ngati wina wanditsegulira zenera. Sindinaganize kanthu. Ndinadzuka, ndinapukuta dzanja pa thalauza, n'kulitambasula. A Mwale nawo anayamba kuika kapu pansi.

Ndiye ndinamva mawu kuchokera pakhomo la kukhitchini.

"Ulendo uno mukugulitsa ndani, adadi?"

Anali Dalitso, ataima ndi mbale ya chakudya m'manja. Ndipo analankhula m'Chichewa. Mwana amene chibadwire anali asanandiyankhepo chiganizo chathunthu m'chilankhulo chathu, tsiku limenelo anasankha mawu amodziamodzi, pang'onopang'ono, kuti ndisadzanene kuti sindinamve.

Ndinati, "Mwana wanga, ndikufuna ubwere kwanu."

Anati, "Tadala wa a Jere ali ndi zaka fotini. Wongani wa a Kamanga ali ndi thwelofu. Amatola mipira ngati ine kale. Mwawauza?"

A Jere ndi goloboyi wanga, munthu amene anaima pagolo la Springburn kuyambira tsiku loyamba, mvula, chipale, osajomba. A Kamanga ndi wotchinga kumbuyo. Pa anthu ochepa amene ankabwerabe ku tireningi ine ndili kubala, awiriwa analipo, ndi ana awo. Ine ndinali nditatsala pang'ono kuwachita zomwe ndinachita mwana wanga, ndipo maina a ana awo sanadutse n'komwe m'mutu mwanga.

Dzanja langa linali lidakali m'mwamba. Ndinayang'ana mayi a Dalitso, iwo maso ali pa thireyi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaika zinthu pasikelo moona mtima. Ndikavomera, Loweruka likubwerali mwana wanga avala zofiira, koma timu yopanda magazi atsopano zaka zonsezo idzafa ili m'manja mwake, ndipo adzadziwa kuti anagulidwa pogulitsa anzake. Ndikakana, akhala ku Maryhill zaka zina ziwiri ndi kanthu, ndipo akadzakhala mfulu palibe chomukakamiza kubwera kwa bambo chidakwa wotsuka mabasi. Mwina sadzabweranso. Palibe amene akanandilonjeza kanthu.

Ndinabweza dzanja, n'kuliika m'thumba. Ndinati, "A Mwale, malizani tiyi wanu. Mwanayo akhale kwanu, mumusamale. Sindikugulitsanso."

Musaganize kuti Dalitso anathamanga kudzandikumbatira ngati m'mafilimu. Anangotembenuka, n'kukamalizira chakudya chake kuchipinda. Ine ndinalowa kubafa, ndinatsegula madzi kuti asandimve, ndinalira ngati mwana. Nditatuluka ndinatenga zitini zimene ndinabisa kuseri kwa makina ochapira, n'kuzikhuthulira mu sinki pamaso pa mkazi wanga. Anangoti, "Zina zili mu buti ya galimoto." Ankadziwa zonse.

Kudzuka kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo ndikuuzani mmene kunayendera, mwina wina muno zimuthandiza. Mowa sindinausiye ndi mphamvu zanga. Pali kagulu kamakumana m'chipinda chapansi cha tchalitchi china kuno, ambiri ndi azibambo achisikotishi, ena a zojambula m'mikono mpaka m'khosi. Ndinakhala pakati pawo ndi taye yanga, n'kunena dzina langa ndi vuto langa. Palibe anadabwa. Mpaka lero ndimapita, ndipo amene akufuna kuperekezedwa andipeze pa tiyi, sindiuza munthu.

Kenako ndinayenda khomo ndi khomo kwa osewera anga. Kwa a Jere ndinagwada pakapeti, ndinawauza kuti ndinatsala pang'ono kugulitsa mwana wawo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Dzukani, kochi, mukundichititsa manyazi pamaso pa ana. Tireningi ndi Lachinayi, musachedwe." Anyamata awiri aja ndinawakhazika pabenchi, mmodzi anabwerera, mnzake anakana, ndipo sindimuimba mlandu.

Chaka chimenecho ndinalibe piki yoyamba, ndiye ndinaphunzira kusankha mwa otsala. Ndinayamba kupita kumene ana asukulu amangosewera kocheza kupaki, ndinkakhala pabenchi n'kumaonerera. Sindinkayang'ana wochenga anthu atatu ayi. Ndinkayang'ana amene akataya mpira amathamangira kumbuyo, ndi amene amafika nthawi yabwino kukugwa mvula. Ndipo ndinaphunzira kufunsa funso lija. Lili ndi kafunsidwe kake. Umamugulira munthu tiyi, mumacheza za kumudzi, kenako umati, "Achimwene, tikhala nanu mpaka liti kuno?" Basi. Mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwiya. Ena amachita kuthokoza kuti wina wawafunsa, chifukwa nkhaniyo imawasowetsa tulo ali okha.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti kugulitsa piki ndi tchimo. Inenso ndinasinthanitsapo pambuyo pake. Tinali ndi wapakati wabwino amene anasamukira ku Hillhead, ulendo unkamutopetsa, ndinamupereka kumeneko iye atavomera, n'kulandira mapiki awiri. Ngakhale ku America kumene tinatengera zimenezi, matimu olemera amagulitsa, ena zimawayendera, ena amalira zaka zambiri, chonsecho ali ndi anthu olipidwa ongoganizira zimenezo. Nanga iwe ndi ine, oganiza titaima pakhonde la tchalitchi? Kwathu ku Springburn tinagwirizana kuti palibe kugwirana chanza tsiku lomwelo. Nkhani imagona kaye. Timakhala pansi ine, a Jere ndi a Kamanga, n'kumatchula maina a ana amene akwanitse msinkhu m'zaka zimene zikufunidwazo. Piki ukamaiona ngati nambala imapepuka. Ukaitchula dzina imalemera, dzanja silinyamuka msanga. Ndipo ndikafika kunyumba ndimafunsa mayi a Dalitso, amene ndinawauza kuti za mpira azisiye aja.

Kwa mwana wanga ndinachita chinthu chimodzi chokha. Ndinachoka kuseri kwa mpanda. Masewero athu akapanda kuwombana, ndinkapita ku Maryhill, n'kuima kutsogolo, nkhope poyera, ndi fulasiki ya tiyi. Ndinkakuwa dzina lake mpaka mawu kusasa. Tsiku limene anatimwetsa chigoli ife eni ake ndinaomba m'manja, a Jere ali pagolo anandiloza chala kuti ndidzaona. Poyamba ankadutsa ngati sakundidziwa. Kenako anayamba kugwedeza mutu. Tsiku lina anadzamwa tiyi wa m'fulasiki yanga, n'kudandaula kuti shuga wachuluka. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo m'basi, anthu akundiyang'ana.

Kuntchito anandibwezera chiwongolero. Mapiki anga atabwerera m'manja mwanga, yoyamba yeniyeni ndinatenga Tadala wa a Jere, ndipo bambo ake analira m'holo muno, musawalole akane. Timu inayamba kukwera. Sitinali ndi Mphezi, koma tinali ndi anthu khumi ndi mmodzi amene amafika.

Zaka zitatu za Dalitso zitatha, a Mwale anamulonjeza ukapiteni kuti akhale. A Hillhead nawo ankamuimbira, paja anali atayamba sukulu ya ukachenjede komweko. Ine pakamwa pankandiyabwa, koma mayi ake anati, "Mukangomupempha, mwaononga. Khalani chete kamodzi m'moyo wanu." Ndinakhala chete. Inu simukudziwa mmene zinandipwetekera.

Tsiku la tireningi yoyamba kunkagwa kamvula kathu kaja kosatha. Ndinali nditawerama, ndikuyala makoni, ndinamva a Kamanga akuti, "Kochi, taonani uko." Nditadzutsa mutu ndinaona munthu wamtali akubwera kuchokera kugeti, nsapato zampira zili m'khosi, atavala zofiira. Jezi ija, nambala 8, imene inakhala m'wadiropu mwanga zaka zonsezo, mayi ake anali atamupatsa osandiuza. Anafika, anatola makoni amene anandipulumuka m'manja, n'kunena m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti ndayala mokhota. Ine ndinayang'ana kumwamba kuti anthu aziyesa kuti ndi mvula.

Zotsala amene munalipo munaziona ndi maso. Fainolo ya chikho, Springburn ndi Maryhill, chimodzi kwa chimodzi, nthawi itatsala pang'ono kutha. Tadala anathawa ndi mpira kumbali, mwana amene ndinatsala pang'ono kumugulitsa uja, anauponya m'mwamba, Dalitso anadumpha pakati pa anthu awiri n'kuumenya ndi mutu. Ukonde unagwedezeka! Ndinathamanga, ine ndi mimba yangayi, ndinagwa m'matope, ndinadzuka, ndinathamanganso. Mayi a Dalitso analuluta mpaka azungu oyendetsa agalu kupaki anaima. A Mwale, m'kabati mwanga makapu a tiyi ndinawasuntha, mubwere mudzaone chimene chilimo.

Koma chikhocho ndi chitsulo chabe, chaka chamawa wina adzachilanda. Chimene ndinapempha Mulungu chili kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Dalitso, imirira akuone. Usandiyang'ane choncho, imirira. Mwaiona jeziyo? Yamuthina m'mapewa, m'khwapa mayi ake asokamo kawiri, ndamuuza kuti ndimugulire ina akukana. Ndinagula yaikulu kuti adzakuliremo, ndipo iye anakuliramo pa nthawi yake. Wochedwa kukula ndinali ine.

Ndiye makochi anzanga, amene munkanong'onezana pakhonde, musanagwirane chanza yang'anani kaye ana amene akhala pansi kutsogolo kunowa. Ine piki yanga yoyamba ya lero ili ndi mwini wake kale. Wongani, mwana wa a Kamanga, wakwanitsa 16 mwezi wathawu. A Mwale, bwezani foniyo m'thumba, mauthenga anu atatu opempha piki yanga ndawaona, yankho ndi lomwe lija. Wongani, bwera kuno mwana wanga, jezi yako ili m'chikwamamu. Ndagula yokulirapo.